Maso a Nkhono ndi Mutu wa Telala

Ana inu, khalani pansi ndikuuzeni kumene mwambi wa nkhono unachokera. Wina akakuuzani zina musakangane naye, koma yanga ndi iyi.

Pa chipatala china chachikulu panali dokotala wa opaleshoni ya ubongo, a Nachisale, mayi waluso koma wamtima wapachala. Tsiku lina makina awo akale oonera tinthu ting'onoting'ono anafa. M'malo mwake munabwera ekisosikopu, kamera yolendewera pamwamba pa wodwala, yoonetsa mkati mwa mutu pa sikirini yaikulu. Dokotala sawerama ayi. Maso amakhala kutsogolo, manja akugwira ntchito pansi.

Koma abale inu! A Nachisale akamayeserera kusoka mitsempha ya phiko la nkhuku, singano inkalowera kwina, ulusi kwina. Apo n'kuti a Likongwe, telala wa pamsika, akudikira mu wodi. Chotupa cha m'mutu mwawo chinkafinya mtsempha wa maso, moti kunja kunkawadera tsiku ndi tsiku.

"Chinthu ichi n'chachabechabe!" anakalipa a Nachisale.

Mphunzitsi wawo, Dokotala Zgambo, anatuluka, n'kubwera ndi nkhono ya m'maluwa, n'kuiika pansi pa kamera ya m'chipinda chophunzirira.

"Amayi, mundionetse maso ake pa sikirinipo. Kenako mufikitse kachitsulo ka opaleshoni pafupi, osaidzidzimutsa."

Ha! Dzanja likangoti liyandikire, nkhono inkabwerera m'chigoba. A Nachisale manyazi anawagwira, dokotala wamkulu kugonja kwa nkhono! Koma sanaleke. Anaphunzira kupuma kaye, kukhulupirira sikirini osasuzumira zala, kusuntha dzanja pang'onopang'ono. Tsiku lina timaso tiwiri tinatuluka, kachitsulo kali pambali pomwepo, nkhono osatekeseka.

Tsiku la opaleshoni linafika. Chotupa chili pafupi kutha, sikirini yonse inangoti psuu, magazi okhaokha. Mtima unawauza a Nachisale kuti awotche msanga pamalopo magazi aleke. Koma pansi pa magaziwo panali mtsempha wa maso, ndipo kuuwotcha kunali kuwachititsa khungu a Likongwe mpaka kalekale. Mantha anali nawo, sindikubisirani. Anaimitsa dzanja.

"Tipope pang'onopang'ono," anauza namwino.

Magazi anaphwera, ndipo kamtsempha kobooka kanaonekera, kochepa ngati tsitsi. Anatseka komweko kokha.

Atatsitsimuka mu wodi, a Likongwe anamuyang'anitsitsa dokotala wawo, nati, "Amayi, batani la chijasi chanu latsala pang'ono kugwa. Tabweretsani singano."

Nthungululu zinamveka wodi yonse, ndipo a Nachisale anagwetsa misozi anthu akuona.

N'chifukwa chake timati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Chinthu chobisika sichionekera munthu waphuma. Ukachithamangira chimabisala, ndipo ungawononge chomwecho umafuna kupulumutsa.