Kansagwada ka Buluzi wa ku Sandwe

A Wilbroad Miti ankakonza ziliza kuseri kwa msika wa Petauke, ndipo mwala ukadutsa m'manja mwawo unkawala ngati mbale yatsopano. Luso analidi nalo. Chimene chinkawavuta ndi mawu akuti "sindidziwa", omwe sankatuluka pakamwa pawo ngakhale zitavuta maka.

Mwana wawo Tasila ankaphunzira ku yunivesite za nyama zimene zinatha kalekale. Ankamunyadira, koma mumtima zinkawaluma, chifukwa iye akayamba kufotokoza za maphunzirowo iwo ankangogwedeza mutu ngati gulo.

Chilimwe china Tasila anafika kuchokera ku Sandwe, kumene anakhala akukumba m'zigwembe zotsetserekera ku Luangwa. Anamasula thonje n'kuonetsa makolo ake kamwala kokwana m'chikhatho. M'menemo munali kansagwada ka buluzi wamakedzana kosanduka mwala, timano take ngati njere za mawere.

"Atate, buluzi mtundu wake uli pa mano," anatero Tasila. "A gulo amamela pamwamba pa nsagwada, a nalimata amatsamila m'mbali mwamkati. Nikaona bwino mwamene aya anakhalila, nizaziwa abale ake. Maphunzilo anga onse ali pa kamwala aka."

Tsiku lotsatira anapita ku Nyimba kukazonda azakhali ake odwala, kamwalako atakasiya m'kabati. A Miti anakatulutsa, nakatembenuza uku ndi uku. Kanali kokakala, kodzaza dothi lofiira, ndipo anachita manyazi.

"Mwana wa mmisili wa miyala apite na cinthu ca so ku Lusaka? Azatiseka."

Akazi awo, amai Maureen, anasiya kusesa. "Awisi Tasila, mutumileni foni mwine wake. Abwela mawa cabe."

"Ine nifunse mwana za mwala? Ninayamba kusema akalibe kubadwa."

Kunena zoona, sanachite ndi mtima woipa. Ankafuna kuti pa ulendo wautali wa mwana wawo pakhaleko chimodzi chimene manja awo agwirapo. Anayamba ndi sandipepa wokakala, kenako wosalala, akuthira madzi monga amachitira ndi ziliza za anthu olemera. Madziwo ankatsikira m'ngalande atayera mbuu. Pofika masana kamwalako kanali kosalala ndi kowala, kokongola kuposa ntchito iliyonse imene anagwirapo.

Tasila atabwera anakapeza patebulo, pa kansalu koyera, atate ake ataima pambali akumwetulira. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Atate, mano ali kuti?"

"Tuja tokakala? Nasalaza, mwana wanga. Siuona mwamene cawamila?"

Tasila sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anapita kungalande, nagwada, n'kuyamba kufufuza m'matope ndi zala. Apo m'pamene a Miti anazindikira chimene anachita.

Tasila anali ndi zithunzi za pafoni, koma mbali yamkati ya nsagwada, imene ikananena zonse, inali yokwiririka ndi dothi pamene ankajambula. Aphunzitsi ake anati palibenso chowerenga pa kamwalako. Chilimwe chotsatira anabwerera ku Sandwe, napeza mvula itagumula chigwembe chija n'kukokolola zonse. Anakumbabe mpaka manja kuchita matuza, osapeza ngakhale dzino limodzi. Maphunziro anathera pomwepo. Masiku ano amagulitsa mankhwala m'sitolo ina ku Lusaka, ndipo akaimba foni amalankhula ndi amake. Atate ake amangowapatsira moni.

Kamwalako kakadali pashelefu kumalo kwawo kwa ntchito, kakuwala. A Miti, munthu amene moyo wake wonse analemba mayina a akufa pamiyala kuti asaiwalike, anafufuta ndi manja awo dzina la wakufa mmodzi amene mwana wawo ankamufuna. Akakayang'ana misozi imalengeza, poti foni ija inali m'thumba mwawo tsiku lonse lija. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.