Geti la Panjira ya ku Flinders

Darrell Pascoe anakwatira mkazi wamasiye, ndipo m'nyumba mwake ku Adelaide ankakhalamo atatu: iye, mkazi wake Noeline, ndi dzina la malemu Keith. Keith anakulira pa famu ya nkhosa, ndipo panalibe chomwe chinkamukanika. Mpopi ukadontha, Noeline ankangoti, "Keith ankamanga chonchi," osadziwa kuti akuthira mchere pachilonda. Darrell, dalaivala wa mabasi wopuma pantchito, zinkamudya mumtima. N'chifukwa chake atakonza ulendo wa kumapeto kwa sabata wopita ku paki ya mapiri a Flinders, maganizo ake sanali pa mapiri. Ankafuna Noeline aone kuti tchire nayenso amalidziwa, dzina la malemu lipumeko.

Ananyamuka Lachisanu m'mawa, m'Disembala, dzuwa likuswa mtengo. Ku Burra anadya mikate ya nyama ataimirira. Ku Peterborough Noeline anafuna kuona sitima zakale, Darrell n'kunena kuti nthawi palibe. Ku Orroroo anangodutsa. Atafika ku Hawker, mayi wogulitsa mafuta atamva kuti akufuna kudzera njira ya fumbi yodutsa m'mafamu, anayamba kuwalangiza.

"Mukafika pamageti paja, bambo, muzi..."

"Ndikudziwa kale, mayi. Ndayendetsa galimoto musanabadwe."

"Chabwinotu," mayiyo anatero, n'kutembenukira kwa wina.

Njirayo inali ndi mageti angapo. Awiri oyamba anawapeza otseka. Noeline ankatsika kukatsegula, galimoto n'kudutsa, iye n'kutsekanso. Geti lachitatu analipeza lili pululu, tcheni chake chili lende. Darrell anaimitsa galimoto.

"Taonani uchitsiru wa anthu a m'tauni. Adutsa osatseka. Nkhosa za eni zikathawa?"

"Mwina alisiya dala," anatero Noeline. "Keith ankati geti umalisiya monga walipezera."

Akanapanda kutchula dzinalo, mwina Darrell akanaganiza kawiri. Koma khutu lake linangomva Keith.

"Keith, Keith! Kodi kutseka chitseko kumafunanso kukafunsa kumanda?"

Anatsika, anakoka geti, n'kukoleka tcheni mwamphamvu ngati akumanga mbala. Noeline anafuna kuyankha, koma anali atatopa ndi mikangano ya m'galimoto, choncho anangoyang'ana pawindo.

Ku paki zinthu zinakoma. Anagona m'tenti pansi pa mitengo ya bulugama, anakwera phiri kukadali kozizira, anaona miyala ikufiira dzuwa likamalowa. Darrell anawotcha masoseji osapsereza, ndipo Noeline anamuyamikira. Dzina la Keith silinamveke Loweruka lonse, moti Darrell anadziona kuti wapambana.

Lamlungu masana anabwerera njira yomweyo. Asanafike pa geti lija anaona akhwangwala ali mbwee pa waya. Kenako fungo linalowa m'galimoto. Nkhosa zinali zitaunjikana pa geti, zina zitakwerana pamsana, malilime ali panja. Tsidya lina la mpanda, pamtunda woti mwana n'kuponyapo mwala, panali chomwera ziweto chodzaza madzi.

Darrell anathamanga kukamasula tcheni. Nkhosa zamphamvu zinamuwomba m'miyendo pothamangira madzi. Zina zinayenda dzandidzandi. Zambiri za kutsogolo, zomwe zinafika poyamba n'kupanikizidwa ndi zinzake, sizinadzuke.

Posakhalitsa panafika mayi wina pa njinga yamoto, galu atakhala kumbuyo. Anali mwini famuyo, Glenys Hartwig. Anayang'ana nkhosa zakufazo, n'kunena:

"Pampu ya madzi ya mbali ino inafa. Ndinatsegula geti kuti zizikamwa uko, ine n'kupita kutauni kukasaka chitsulo chake. Chilala chonse chija ndazipulumutsa ndi udzu wogula, lero zife madzi zikuwaona?" Anatembenuka. "Mwakumana ndi galimoto ina m'njiramu?"

Mpata wonama unalipo, ndipo Noeline sakanamuulula. Anangoyang'ana pansi, ndipo manyazi a mkazi wakewo anamupweteka Darrell kuposa mkwiyo wa mwini nkhosa.

"Ndine ndinatseka, mayi. Lachisanu. Ndimati ndikuthandiza."

"Kuthandiza?" Glenys anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Achimwene, nkhandwe zimandidyera ziwiri zitatu pachaka. Inu ndi chifundo chanuchi mwaziposa zonse. Panalibe wokuuzani?"

"Analipo," anayankha Darrell chapansipansi.

"Ndiye vulani malaya okongolawo. Gwirani miyendo yakumbuyo."

Anakoka mitembo mpaka dzuwa kupendeka, kuichotsa panjira ndi kuiunjika patali ndi madzi. Zina zinali zikupumabe koma zosatheka kuima, ndipo Glenys anazimaliza ndi mfuti, Darrell ataigwira mutu iliyonse. Darrell anasanza kawiri. Palibe anamufunsa ngati ali bwino. Pomaliza anapereka nambala yake ya foni, Glenys anailandira osamuyang'ana kumaso, n'kukwera njinga yake.

Pa ulendo wobwerera woyendetsa anali Noeline, chifukwa manja a Darrell anali matuza okhaokha. Anadutsa Hawker, Orroroo ndi Peterborough osaima. Chimene Darrell anayendera mtunda wonsewo chinachitikadi: kuyambira tsiku limenelo Noeline sanatchulenso Keith pamaso pake. Koma sanatchulenso china chilichonse chomulangiza. Akamuona akulakwitsa, ankangomusiya, n'kukakonza yekha iye atachoka. Darrell anamva chisoni chachikulu atazindikira kuti m'nyumbamo sanapezemo ulemu. Anangotayamo munthu mmodzi yekha amene ankamuuza zoona.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.