Nsungwi Ziwiri, Mbedza Imodzi

Mayi Zulaikha ankayanika nsomba zowamba pathandala m'mawa umenewo pamene ana awo aamuna awiri analowa pabwalo, wina pachipata chakumaso, wina chakuseri. Udani wawo unali utafika pamenepo, poti ngakhale chipata sankafuna kugawana. Wamkulu anali Shafeeu, wamng'ono Haleem, onse amuna andevu, okwatira, koma akakumana mungati ndi atambala awiri m'khola limodzi.

Bambo awo, malemu Idrees, anawasiyira dhoni, boti lalikulu lophera tuna. Pachilumba pathu pano tuna sitipha ndi ukonde. Amuna amandanda kumbuyo kwa dhoni, aliyense ndi ndodo yake, wina akumwaza tinsomba tamoyo m'madzi, ndipo nsomba ikangodya mbedza umaikweza n'kuiponya m'mbuyo kudzera paphewa. Vuto linali loti Shafeeu ankaponyera kumanja, pamene Haleem, wamanzere chibadwire, ankaponyera kumanzere. Pa ulendo wapitawo anaima moyandikana, zingwe zawo zinakolana m'mwamba, nsomba ya Haleem inakamenya Shafeeu pamphuno, ndipo nkhonya zinayamba pomwepo. Pamene anzawo ankawaleretsa, nsomba zinali zitapita kalekale. Anabwerako chimanjamanja, ayezi atasanduka madzi.

"Khalani pansi nonse," anatero mayi awo osatembenuka. "Dzulo kunabwera bambo wa kuhotela ija yatsidya. Akufuna dhoni izinyamula alendo okaona dzuwa likulowa. Ndamuuza abwere tsiku limene mudzakocheze. Mukadzabweranso ndi zipsera m'malo mwa nsomba, ndimupatsa. Bola inyamule azungu ovala timakabudula kusiyana n'kuti izinyamula ana anga kukaphana pakati panyanja."

"Amayi, vuto si ine," anayankha Shafeeu. "Vuto ndi Manzereyu. Munthu woponya nsomba chammbali ngati nkhanu."

"Mphuno yanu ndiyo imakula kwambiri, achimwene," anatero Haleem. "Nsomba ikanadutsa pati?"

Mayi aja sanaseke. Anakwera pampando n'kutsitsa kudenga nsungwi ziwiri zakuda ndi utsi, zofanana msinkhu, zodulidwa pa tsinde limodzi. Kunsonga kwa iliyonse kunali chingwe, ndipo zingwe ziwirizo zinkakumana n'kukhala chimodzi chokhala ndi mbedza imodzi yaikulu. Ulendo wotsatira unali wakutali, kupitirira zilumba zonse, kumene kumayenda kanneli, tuna ya zipsepse zachikasu yolemera ngati munthu wamkulu. Malemu Idrees ndi mng'ono wawo Latheef ankapha kanneli ndi nsungwi zimenezi, amuna awiri pa nsomba imodzi.

Shafeeu anangoziyang'ana n'kutsonya. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi chimene anagula ku Malé, likulu la dziko lathu: chindodo chakuda cha faiba, chonyezimira, chonenepa ngati mkono wake. Anachiponda ndi bondo, osapindika ngakhale pang'ono.

"Wogulitsa anati ichi chikhoza kunyamula njinga yamoto," anatero monyada. "Za kugwirana ndi munthu zinali za kale, anthu asanadziwe zida. Ine kanneli ndikweza ndekha, aliyense aone kuti msodzi m'banja muno ndani."

Apa ndiye panali uchitsiru wake, ndipo ndinene mosabisa, chifukwa Shafeeu sanali mlendo panyanja. Mwana aliyense pachilumba pano amadziwa kuti ndodo ya nsomba yaikulu imayenera kuwerama, poti kuweramako n'kumene kumamwa mphamvu ya nsomba. Ndodo yosawerama imangotenga mphamvu yonseyo n'kuitula pamsana pa mwini wake. Iye ankazidziwa zimenezi. Koma kusitolo kuja sankasankha ndodo yogonjetsera nsomba, ankasankha yogonjetsera mng'ono wake.

Tsiku lonyamuka, mayi Zulaikha anasenza okha nsungwi zija mpaka kudoko n'kuziponya m'dhoni. A Latheef, bambo aang'ono a anyamatawo, amene ankayendetsa dhoni chimwalirire akulu awo, anatenga chindodo cha faiba n'kuchizunguza uku akutafuna tambula, masamba amene akuluakulu kuno amakonda kutafuna.

"Shafeeu, mwana wanga, mzati wa nyumba ya yani wazulawu? Ukabweze, denga lingawagwere eni ake."

Asodzi onse anaseka chikhakhali. Shafeeu anapsa mtima, ndipo pofuna kuonetsa kuti nsungwi za malemu zilibe ntchito, anazimangirira pamwamba pa kanyumba ka injini n'kuyanikapo zovala zake. Anzake nawo anatengera pomwepo. Pofika madzulo, nsungwi zimene zinadyetsa banja lija zaka zonsezo zinali zitalendewera matawulo ndi makabudula amkati.

Nyanja inawalandira ndi nkhope yozizira. Zilumba zinazimirira, kunatsala madzi okhaokha, ndipo masiku anadutsa opanda mbalame ngakhale imodzi yoloza pamene pali nsomba. M'thanki ya nyambo tinsomba tinayamba kuyandama chagada. M'chipinda chosungira nsomba ayezi ankasungunuka. Abale awiri aja ankadya mpunga ndi msuzi wa tuna atafulatirana, ndipo ngakhale popemphera aliyense ankayala mkeka wake kumbali kwake. Aliyense m'botimo ankadziwa za bambo wa kuhotela, koma palibe ankamutchula.

Mbalame zinaoneka m'mawa wina dzuwa litakwera, zikuzungulira ndi kudumphira m'madzi. A Latheef analavula tambula n'kukhotetsa dhoni. Woponya nyambo anayamba kumwaza tinsomba totsala tija, mipope inayamba kuwaza madzi kumbuyo, ndipo posakhalitsa nyanja inabwata. Misana yakuda inkang'amba madzi, zipsepse zachikasu zili waliwali. Zinali kanneli zenizeni, zazikulu kuposa zimene ambiri a iwo anaonapo.

Amene anaponya ndi ndodo zawo za masiku onse sanachedwe kulira. Wina chingwe chinaduka, wina ndodo inathyokera m'manja. Onse anabwerera m'mbuyo.

"Patukani!" anakuwa Shafeeu. "Manzere, penyetsetsa uphunzire!"

Anaima m'mphepete mwenimweni, anakhazika tsinde la chindodo chija pantchafu, n'kuponya. Mbedza isanamire n'komwe, chinsomba chinaidya. Tinene chilungamo, wogulitsa wa ku Malé uja sananame: ndodoyo siinathyoke, siinapindike, inangoti gwa ngati chitsulo. Chimene chinapindika ndi munthu. Shafeeu anakokedwa mpaka kuimira zala zakuphazi, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, ndipo akanangotaya ndodoyo zikanathera pomwepo. Koma ataye bwanji mng'ono wake akuona? Anaumirira, mapazi anatereka, ndipo anthu anangomva kuti chubwi!

Kugwera pakati pa kanneli zolusa ndi njala si nkhani yoseketsa, ndipo pamene pali nsomba zotere shaki sakhala patali. Mutu wa Shafeeu unavuuka, unamira, unavuukanso chapatali, manja ali opanda kanthu. Ndodo yonyamula njinga yamoto ija inali pa ulendo wake wopita pansi panyanja. Anthu akadali kukuwa, Haleem anali atatola kale chingwe chokochezera, n'kuchiponya ndi dzanja lake lamanzere lija, ndipo chinakagwera paphewa penipeni pa mkulu wake. Anamukoka mpaka kumugwira lamba n'kumugwetsera m'dhoni. Kunena zoona, Haleem anachita mantha kwambiri.

"Achimwene," anatero atapezako mpweya, "ndaphunzira. Koma kodi kusambako n'kofunikanso, kapena tikhoza kudumpha pamenepo?"

Shafeeu anasanza madzi amchere. Manyazi anali atamugwira.

"Zolankhula mukalankhulire kumtunda!" anakalipa a Latheef. "Nyambo yatsala yongokwana m'chidebe. Ikatha, nsombazi zipita, ndipo ine ndikaphunzira kunena gudu ivining'i kwa azungu. Chotsani makabudula anuwo pa nsungwi za akulu anga!"

Palibe amene anatsutsa. Zovala zinaulukira uku ndi uku, ndipo nsungwi zija zinatsika. Haleem anagwira imodzi. Inayo inakhala m'malere kanthawi, aliyense akuyang'ana mnzake, kufikira Shafeeu anadzuka, madzi akuchucha, n'kuitenga.

"Shafeeu kumanzere, Haleem kumanja, nsomba idutse pakati panu," anatero a Latheef. "Mukuganiza kuti ine ndi bambo anu tinkagwirira limodzi chifukwa chokondana? Tinkatukwanana mpaka pa Eid pomwe. Koma ine kudya kokha n'kumene ndimadyera lamanja, poopa chikoti cha agogo anu. Nsungwi ndinkakwezera kumanzere. Awiri amanja okhaokha amapondana, wamanja ndi wamanzere ndiwo amatsegulira nsomba njira."

Nsomba yoyamba inawachititsa manyazi. Onse awiri anakuwa kuti "Kweza!" koma aliyense pa nthawi yake, nsungwi imodzi inakwera inzake ikadali pansi, ndipo kanneli inagwedeza mutu n'kulavula mbedza. Mbedza zathu zilibe kadzino kobwerera m'mbuyo, chingwe chikangolefuka nsomba yapita. Woponya nyambo anapendeketsa chidebe kuti onse aone kuti pansi pake payamba kuoneka.

Shafeeu anapukuta kumaso. Chimene ananena pamenepo chinamulemera kuposa nsomba ija inamugwetsa.

"Uziitana ndiwe, Haleem. Dzanja lako limamva msanga. Ine ndizitsata."

"Mwati Haleem? Dzina langa mukulidziwa, achimwene?"

"Ponya, iwe, ndisanasinthe maganizo!"

Anaponya. Madzi anaphulika, zingwe zinati nga, ndipo nsungwi zakale zija zinawerama pamodzi mpaka nsonga kutsala pang'ono kukhudza nyanja. Sizinathyoke. Zinamwa mkwiyo wonse wa nsomba ija, zikulira kuti tswee, ndipo itangotembenuza mutu kuloza kuboti Haleem anakuwa kuti, "Tiye!" Misana iwiri inawongoka ngati ya munthu mmodzi. Chinsomba chinatuluka m'madzi chonse, chikunyezimira padzuwa, chinadutsa pakati pa mapewa awo osakhudza mphuno ya munthu, n'kukagwa pathabwa kuti phii! Dhoni yonse inagwedera.

Mfuu imene inamveka pamenepo ikanadzutsa akufa. Koma abale aja sanacheuke n'komwe, mbedza inali itabwerera kale m'madzi. "Tiye!" Ina. "Tiye!" Inanso. Anzawo anasiya zonse n'kuyamba kukoka nsomba, kuzitumbula ndi kuzikwirira mu ayezi. Nyambo itatha, woponya uja anakokota mamba ndi timitu totsalira m'thanki n'kumwaza zomwezo, ndipo nsomba zinakhalabe kanthawi. Pamene nyanja inadzati zii, zikhatho za abale aja zinali zitasupuka, ndipo m'chipinda cha nsomba munalibenso malo. Anakhala pansi atatsamirana misana, poti panalibe china chotsamira, n'kuyamba kuseka ngati ana. A Latheef anatembenukira kunyanja, akuti utsi wa injini unawalowa m'maso.

Kwathu kuno dhoni ikapha kwambiri imabwera itakweza mbendera. Ana osewera padoko ndiwo anayamba kuiona, ndipo dhoni isanakocheze chilumba chonse chinali pamenepo. Mayi Zulaikha anaima kutsogolo atapinda manja, pambali pawo pali bambo wa kuhotela uja ndi magalasi ake akuda. Iwo mbendera sanaisamale. Maso awo ankafufuza nkhope za ana awo, kuyang'ana zipsera.

Zipsera sanazione. Anaona Shafeeu ndi Haleem akutsika ndi kanneli yaikulu kuposa zonse, yosungira pakhomo, ataimangirira pa thabwa, wina kutsogolo wina kumbuyo, akukangana za amene akuyenda mokhota.

"Nanga chindodo chako chija chili kuti?" anafunsa mayiwo.

"Ndinachibwereketsa kwa nsomba ina, amayi," anayankha Shafeeu. "Siinabwezebe."

Mayi Zulaikha anaphimba pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedera, misozi ili mbwe. Kenaka anatembenukira kwa mlendo wawo. "Pepani bambo, mwavutika ndi ulendo. Dhoniyi ili ndi eni ake. Alendo anuwo dzuwa akalionere pamchenga, limalowa chimodzimodzi."

Anthu anaperekeza nsomba ija mpaka kunyumba. Pofika pampanda, Shafeeu analoza kuchipata chakumaso, phazi la Haleem linayamba kukhotera chakuseri monga mwa chizolowezi, ndipo thabwa linawakoka onse awiri mpaka nsomba kutsala pang'ono kugwa. Anayang'anana. Nsomba imodzi singalowere zipata ziwiri, choncho analowera chimodzi, mayi awo akubwera pambuyo ndi nsungwi zija paphewa. Sanazibwezerenso kudenga, anaziimika pakhomo poyembekezera ulendo wina.

Shafeeu anapita ku Malé kukafuna ndodo yoti imuchotsere mbale wake, ndipo inatsala pang'ono kumuchotsera moyo ndi dhoni yomwe. Imene inamupulumutsa ndi ija inkafuna manja anayi. Akuluakulu sananame: mutu umodzi susenza denga.