Tsiku Lomwe Ndege Inauma Chiwongolero

Kalekale, koma osati kale loti ndege kunalibe, ndege ina inanyamuka m'mawa ndi anthu makumi asanu ndi awiri. Woyendetsa anali Kaputeni Nyembezi Kachingwe, mayi amene anali atauluka zaka makumi awiri. Pambali pawo panakhala wachiwiri wawo, Gadama Phwitiko. Woyang'anira anthu okwera anali Esnala Chikaonda.

Atauluka ola limodzi, kunamveka kuti phu! Paipi inali itaphulika. Mafuta a haidiroliki, omwe amasuntha mapiko, mchira, matayala ndi mabuleki, anatayikira m'mitambo. Magetsi ofiira anayaka. Kaputeni pokoka chiwongolero anapeza chauma gwa.

Anaimba wailesi ku ofesi ya kampani. Bwana wa kumeneko anati, "Bwererani kuno, amakaniko athu ali kuno. Mukatera kwina mutichititsa manyazi."

"Bwana, kumeneko ndi kutali," anatero Kaputeni. "Ine ndikutera pa bwalo lapafupi."

"Ndikukulamulani!"

"Mpando wanuwo uli pansi, sugwa. Wanga uli m'mwamba."

Kaputeni anatseka wailesiyo. Popeza chiwongolero chinali chitakana, anayamba kuwongola ndege ndi mainjini. Akafuna kukhotera kumanja, ankawonjezera moto ku injini ya kumanzere. Akafuna kumanzere, ankawonjezera ya kumanja. Ndege inkapendekera uku ndi uku ngati yoledzera, thukuta lili kamukamu, koma mayiyo anailunjikitsa ku bwalo.

Gadama anali atatsegula buku la malangizo a pangozi, akutsata mzere ndi mzere. Popanda mafuta aja, matayala anayenera kutsitsidwa ndi manja, popukusa chitsulo chomwe chinali pansi pafupi ndi mpando wake. Matayala akumbuyo anatuluka. La kutsogolo linakanirira. Bwalo linali litayamba kale kuoneka.

"Gadama, zisiye izo!" anakuwa Kaputeni. "Bwera undigwirire injini imodzi. Titera choncho."

"Ayi, Mayi. Mphuno ikakhula phula, tonse tapsa."

"Kaputeni muno ndine!"

"Mukandichotse ntchito tikafika pansi."

Gadama anagwada n'kupukusabe mpaka zikhatho zinasupuka. Madenga a nyumba za pabwalo akuoneka bwinobwino, tayala lija linatuluka n'kuti khe! Getsi lobiriwira linayaka.

Kumbuyo Esnala anali atayenda mpando ndi mpando. "Mangani malamba. Weramani, manja pamutu. Amayi, mwanayo mukumbatireni chonchi." Ndege inagunda pansi, inathamanga popanda mabuleki okwanira, inapitirira mapeto a phula n'kukaima m'tchire. Pawindo la kumanzere Esnala anaona utsi ndi malawi pansi pa phiko.

Bambo wina wa suti, wa mipando yakutsogolo, anathamangira khomo la kumanzere lomwelo, khamu lili pambuyo pake. Esnala anaima patsogolo pa khomolo, manja atatambasula.

"Tsegula, mtsikana iwe! Ukudziwa kuti ndine yani?"

"Ndinu munthu amene mupse mukatulukira apa, bambo. Khomo ndi ilo, kumanja."

Bamboyo anamuwaza mbama. Esnala sanasunthe ngakhale phazi. "Mwamaliza? Kumanja!" Onse anatulukira kumanja. Iye anatuluka womalizira, mlomo ukuchucha magazi, phiko la kumanzere lili lawilawi. Palibe amene anafa.

Patapita sabata, mabwana a kampani analembera atatuwo makalata owadzudzula: Kaputeni chifukwa chokana lamulo la ofesi, Gadama chifukwa chokanira Kaputeni, Esnala chifukwa chochitira mwano kasitomala wolemekezeka. Anthu opulumuka aja atamva, anakakhala pansi pageti ya ofesiyo masiku atatu, mpaka makalatawo anang'ambidwa. Pofuna kubisa manyazi, mabwanawo analengeza kuti ndege yatsopano ilembedwa dzina la amene anapulumutsa anthu. Koma anati dzinalo ndi limodzi basi, ndipo atatuwo asankhane okha.

Kaputeni anati, "Ndikanamvera ofesi, tikanagwa m'phiri. Matayala ndi makomo zikanathandiza chiyani?"

Gadama anaonetsa zikhatho zake. "Munatifikitsa pabwalo, Mayi, sindikukana. Koma ndikanakumverani, mukanatifikitsa kudzapsa."

Esnala anaseka. "Inu awiri munatsitsa chitsulo. Anthu ndinatulutsa ndine. Ndipo mbama ija inagwera ine ndekha."

Palibe amene anagonja. Ndegeyo inafika, wopaka penti anakwera makwerero, burashi ili m'manja, n'kucheuka kudikira kuti auzidwe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiuze kuti onse ndi ofanana, pakuti malo ndi a dzina limodzi. Alembe la Nyembezi amene anakanira ofesi, la Gadama amene anakanira Kaputeni, kapena la Esnala amene anakanira bwana wa suti? Inuyo mukanamuuza kuti alembe la yani?