Paipi Yotulukira Kuseri kwa Nyumba

Panali bambo wina mumzinda wa Lilongwe, dzina lake Chadzunda, wogwira ntchito ya mu ofesi. Anali munthu waulemu wake. Zimenezi muzisunge, chifukwa munthu wa m'nkhaniyi sanali woipa mtima.

Kuseri kwa nyumba yake kunali kachipinda koima pakokha, ndipo m'menemo munkakhala apongozi ake, a Nankhoma, mayi a mkazi wake. Anachokera kumudzi ku Dowa ndi chilonda kuphazi lamanja. Anali ndi matenda a shuga, ndiye chilondacho chinkachedwa kupola. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti azibwera tsiku lililonse kudzatsukitsa kwa milungu isanu ndi umodzi, apo ayi phazilo lidzadulidwa. M'mawa uliwonse ankayala mphasa m'mbali mwa khoma la khitchini n'kumaothera dzuwa, podikira wanjinga yamoto wowatengera kuchipatala. Kuphika ankaphika okha pambaula.

Chadzunda kuseriko sankapondako. Analeredwa motero: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, sadya nawo pamodzi, akawaona akubwera amapatuka. A Nankhoma nawonso akamva galimoto pageti ankalowa m'kachipinda kawo. Mawu onse ankadzera mwa Esinta, mkazi wake. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha chonchi popanda kukangana, ndipo aliyense ankamutama mnzake kwa anthu kuti ndi wamakhalidwe.

Esinta anali mphunzitsi. Chaka chimenecho anaitanidwa kukachonga mayeso ku Zomba kwa milungu itatu. Chadzunda, amene chikwatirireni anali asanatsukepo ndi kapu yomwe, anagula makina otsukira mbale kwa mnzake wina amene ankasamuka. Anati ndi mphatso ya mkazi wake. Mphatsoyo inafika pakhomo Loweruka, tsiku lomwe mwini mphatso ankakwera basi.

Mmisiri sanamuitane. Paipi yolowetsa madzi anailumikiza yekha pansi pa sinki, ndipo anailumikiza bwino. Yotulutsa madzi oipa ndiyo inamuvuta, inakana kugwirana ndi paipi ya sinki. Choncho anabwereka chobowolera, n'kuboola khoma ali m'kati mwa khitchini. Anadutsitsa kapaipi pabowopo, n'kumata ndi simenti. Kunja sanatuluke kukaona pamene kapaipiko kalunjika, poti kunali kuseri.

Kwa amene simunawaonepo makinawa, amatsuka ndi madzi otentha oti simungaviikemo chala, osakaniza ndi sopo wamphamvu. Akamaliza, pampu imawakankhira madziwo kunja onse nthawi imodzi, osachenjeza munthu.

Lolemba m'mawa Chadzunda analongedza mbale, n'kuyatsa makina, n'kupita kuntchito. Madzulo anapeza mbale zili mbee. Lachiwiri chimodzimodzi. Kuntchito anzake anatopa nayo nkhani ya makina.

Lachitatu madzulo atatsegula chitseko cha makinawo, anapeza madzi otuwa, amafuta, atadikha pansi pake. Anayatsanso. Pampu inalira, madzi osasuntha.

Apa ndiyenera kumuyamikira, chifukwa anayamba molondola. Anazimitsa magetsi. Anakapa madzi ndi kapu mpaka pansi panaoneka. Anazula sefa, n'kupezamo mpunga, minga ya usipa ndi makoko a tomato. Anaitsuka ndi mswachi wakale mpaka inayera, n'kuibwezera. Anayatsa. Makina anatunga madzi, anatsuka, ndipo pofika potulutsa, pampu inalira ngati poyamba, madzi ali pomwepo.

Lachinayi anaweruka msanga. Anatsegula kachivundikiro ka pampu, n'kupisamo chala. Anapezamo kamtengo kotokosera m'mano, ndipo anakondwa ngati wagwira mbava. Anakachotsa, anazunguza kapampu ndi chala, kanazungulira bwinobwino. Sizinathandize. Anakokera makina kutsogolo kuti aone ngati paipi yofewa ya kumbuyo yapindika. Inali yopindika pang'ono, anaiwongola. Anathiramo soda ndi viniga monga anawerengera pafoni. Munachita thovu lambiri, ndipo thovulo litatha madzi anali pomwe anawasiya.

Ali chigwadire pansi, foni inalira. Anali Esinta.

"Amayi andiimbira. Akuti Loweruka akupita kumudzi."

"Loweruka lino? Milungu yangotha itatu yokha. Chalakwika n'chiyani?"

"Sakunena. Akungoti akhalitsa pakhomo pa eni. Inu, kumudzi kuja kuchipatala n'kutali, phazi lija akapita nalo litha. Takalankhulani nawo."

"Ine? Iwe ukudziwa kuti sizitheka. Uwauze kuti ndati asapite."

"Ndawauza kale. Akuti zikomo, koma apita."

Kuchokera pamene Chadzunda anagwada kukafika pamene a Nankhoma anakhala panali khoma limodzi, la njerwa ziwiri. Koma mawu ankayamba akafika ku Zomba kenako n'kubwerera. Nkhaniyo inamupweteka mtima, sindikunama, chifukwa apongozi akewo ankawakonda. Anaika foni pansi. Kenako anatola sikuludiraiva n'kubwerera ku makina, poti ndi chokhacho chimene ankadziwa potsegulira pake.

Lachisanu m'mawa anagonja. Sanapite kuntchito, anaitana mmisiri wokonza mafiriji ndi makina ochapira, bambo wachikulire wosalankhulalankhula dzina lake Disi. Chadzunda anamulandira ndi chiweruzo chopanga kale.

"Pampu yafa, a Disi. Mungondiuza kogula ina."

Disi anapempha ndowa. Anamasula paipi yofewa pamene inalumikizana ndi kapaipi ka pakhoma, n'kuilozetsa m'ndowamo, n'kuyatsa makina. Madzi anatuluka mwamphamvu mpaka ena kutayikira pansi. Mosakhalitsa m'makina munali mouma.

"Makinawa alibe mlandu, bwana. Sefa ili bwino, pampu ili bwino. Kapaipi aka kamatulukira kuti?"

"Kuseri."

"Tiyeni tikaone."

"Kuseri ine sindipitako. Kuli apongozi."

Disi anamuyang'ana, n'kutuluka yekha. Anapita n'kubwera manja ali lende.

"Chimene chatseka paipi ndachiona, koma sindinachichotse."

"Bwanji? Si ndakuitanirani chomwecho?"

"Chikanakhala mafuta kapena khoswe ndikanachotsa. Icho chinaikidwa ndi dzanja la munthu, ndipo pansi pake pali mphasa. Ndikachizula ine, madzi aja adzagweranso pomwepo. Mukadzionere nokha, bwana."

Chadzunda anaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali. Kenako anatsitsa manja a malaya, anamanga mabatani, n'kuyamba kuzungulira nyumba yake. Atafika pangodya anaima n'kuodira.

A Nankhoma anali atasendeza mphasa yawo kutali ndi khoma. Atamuona anadzidzimuka, anakokera nsalu kumaso, n'kutembenukira kumpanda. Pakhomo pa kachipinda panali chikwama chomangamanga kale. Chadzunda anakhala pansi, padothi, chapatali ndithu, atayang'ana kumbali. Pamenepo m'pamene anakaona kapaipi kake. Kanatulukira pakhoma chakumtunda pang'ono, pamalo penipeni pamene dzuwa la m'mawa limafika. Kukamwa kwake kunali chitsononkho chokulunga m'kansanza, chokhomeredwa ndi mwala.

"Amayi, mundikhululukire kuti ndabwera kuno. Madzi a paipi iyi anakupwetekani?"

Aka kanali koyamba kuwalankhula popanda wina pakati. A Nankhoma anayankha akuyang'ana kumpanda.

"Tsiku loyamba ananyowetsa mphasa. Ndinati mwina n'kulakwitsa. Tsiku lachiwiri anabweranso nthawi yomweyo, malo omwewo. M'nyumba munalibe wina koma inu, bambo. Ndiye ndinamva."

"Munamva chiyani, amayi?"

"Kuti ndakhalitsa. Munthu waulemu ngati inu simukanatha kundiuza pakamwa."

Chadzunda anagwira kumutu. Anawafotokozera kuti madziwo ankatulutsa ndi makina, iye ali kale pamsewu, ndipo kuti kapaipiko anakaika yekha osaona kumene kakupita. Ananena kuti kulakwa konse n'kwake. Kenako anabwereza funso lake, chifukwa anali asanayankhidwe.

"Anakupwetekani?"

A Nankhoma anatambasula mwendo wamanzere, wabwinobwino uja. Unali m'sokosi ndi nsapato yansalu. Anavula pang'onopang'ono. Pamwamba pa phazi ndi pazala panali matuza ophulika, ndipo chala chaching'ono chinali chitada. Matenda a shuga anawachititsa dzanzi mapazi, choncho ululu sankaumva kwenikweni. Masiku atatu ankapita kuchipatala n'kumaonetsa phazi lamanja lokha. Lamanzere ankalibisa, poopa kuti anamwino afunsa amene wawawotcha, ndipo iwo sakanatha kutchula mkamwini wawo.

Chadzunda analira. Sanaimbire ku Zomba kufunsa chochita. Anadzuka, anakabweretsa galimoto mpaka pangodya ya nyumba, anawagwira mkono apongozi ake n'kuwakweza. Disi anatsala akuyeza khoma kuti apititse paipiyo ku dzenje la madzi oipa.

Kuchipatala dokotala anayang'ana phazilo n'kufunsa tsiku limene anapsa. Atamva anapukusa mutu. Anati a Nankhoma akanakwera basi ya Loweruka, akanabwerera patapita milungu iwiri kudzadulitsa mwendo umene anabwera nawo uli wabwino. Anawagoneka. Phazi linapulumuka, koma chala chaching'ono chija anachidula.

A Nankhoma anatsiriza milungu yawo yonse, n'kuwonjezera ina itatu. Ulemu pakati pa awiriwa sunathe. Sankadya pamodzi, ndipo polankhulana aliyense ankayang'ana kumbali. Koma m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, Chadzunda ankazungulira nyumba, n'kuima pangodya, n'kufunsa mmene mapazi adzukira.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu, amene mukuphunzira ntchito ya mapaipi. Makina akakana kutulutsa madzi, yambani ndi sefa, kenako pampu, kenako paipi yofewa. Chadzunda anachita zonsezo ndipo sanalakwe. Koma paipi simunaiyese mukalekera pakhoma. Muziitsata ndi miyendo yanu mpaka pamene madzi akugwera, ndipo muzitero tsiku loika, osati tsiku limene yatseka. Wophunzira wanga woboola khoma la mwini osatuluka kukaona mbali inayo, asadzanene kuti anaphunzira kwa ine.

Ndipo si za mapaipi zokha. Mwambo wopatuka apongozi sindikuunyoza, inenso anga ndimawapatuka mpaka lero. Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ambiri a ife tinausandutsa pobisalira. Timati ndi ulemu, pamene tangopeza njira yosafunsira. Aliyense wa inu ali ndi munthu pakhomo pake amene sangamudandaulire m'maso: kholo, wantchito, mlamu wosungidwa, mwana wamasiye. Anthu oterewa mukawapweteka sakuuzani. Amabisa bala, n'kuyamba kumanga chikwama. Musadikire kuti chinthu chanu chiwonongeke kuti mudziwe zimene zikuwachitikira. Chadzunda anachedwa masiku atatu okha, ndipo mayi aja anabwerera ku Dowa ndi zala zisanu ndi zinayi. Lero mukafika kwanu, musanalowe m'nyumba, zungulirani kuseri mukafunse.