Mgolo Umene Nagama Anakana Kukhuthula

Inu amene mumati simunamizika, sunthirani pafupi. Ndikuuzani za bakha amene anaikira dzira labuluu, za magetsi amene amadya utoto, ndi za mayi amene anakana kupambana anthu akumuombera m'manja. Chimodzi mwa zitatuzi ndi bodza langa. Chigwireni nokha ngati muli ochenjera.

Panali mayi wina wonyika nsalu, dzina lake Nagama. Nyumba yake inali pamtunda, kumunsi kwake kamtsinje, m'mbali mwa kamtsinjeko madimba a anthu. Ankagula nsalu zoyera, n'kuzimanga ndi ulusi, n'kuzinyika mu utoto. Zikauma, akazi ankachita kulimbirana. Koma madzi otsala ankawataya kuseri kwa nyumba, ndipo iwo ankatsetsereka okha. Lolemba mtsinje wofiira, Lachinayi wabuluu. Mpiru unayamba chikasu. Achule anasiya kulira. Kenako bakha wa a Kachiwanda, mkulu wa alimi a m'madimbamo, anaikira dzira labuluu.

A Kachiwanda anakwera mtunda ndi anthu awo, dzira lili m'manja.

"Nagama, taonani ntchito zanu. Musankhe, utoto kapena malo ano. Mukakakamira utoto, mvula isakupezeni pano."

"Bambo, mchombo wanga anaukwirira pano," anatero Nagama. "Sindisamuka, ndipo utoto sindisiya. Chimene ndisiye ndi mtsinje wanuwo."

"Ndiye madziwo muzimwa?"

Anthu anaseka n'kutsika.

Nagama anali ndi mng'ono wake amene ankagwira ntchito yoyeza madzi m'tauni. Anamuitana. Mng'onoyo anabwera ndi sola, mawaya, ndi mapale awiri akuda ngati makala. Anadzaza mgolo ndi madzi a utoto, n'kuthiramo mchere, n'kumizamo mapale aja motalikirana kuti asakhudzane. Atalumikiza mawaya, timathovu tinayamba kukwera, ndi kafungo ngati ka mankhwala othira m'madzi nthawi ya kolera.

"Achemwali, mgolowu uzikhala panja, ndipo mphuno musamaiyandikize," anatero. "Tsono mvetserani. Utoto uli ngati chingwe cha mikanda. Magetsi akadutsa m'madzi amcherewa, amachidula. Akangochidula kamodzi, mtundu umatha. Koma mikanda imakhala ikadali momwemo, ndipo ina imaluma kuposa utoto weniweniwo. Musazimitse chifukwa choti maso akondwa. Mudikire mpaka ndidzatunge m'botolo, ndikayeze."

Mng'onoyo atabwerera m'tauni, mbiri inafika kumadimba. Anthu anakwera kudzaona, ambiri kudzaseka. Anazungulira mgolo. Madzi amene anali bii anayamba kutuwa. Dzuwa likupendeka, munthu ankatha kuona pansi pa mgolo. Azimayi anaimba nthungululu. A Kachiwanda anavula chipewa.

"Mayi, mwatigonjetsa. Zimitsani, khuthulani, nkhani ithe lero. Palibenso wokusamutsani pano."

Apa ndiye panali nkhani. Malo ake anali atam'bwerera. Chotsala chinali kungopendeketsa mgolo, basi.

Nagama anaima pakati pa anthu ndi mgolo.

"Sindikhuthula."

"Bwanjinso?"

"Tsiku lija munati choka, ndinakana. Lero mukuti khuthula, ndikukananso. Madziwa angovula malaya okha, ululu ukadalimo. Mukufuna ndikunamizeni kuti mundikonde?"

"Aaa, mayi uyu ndi wamakani basi!" anafuula munthu wina kumbuyo. "Tikamuthamangitsa akana, tikamukhululukira akananso!"

A Kachiwanda anabwezera chipewa kumutu. "Ine maso ndili nawo, ndipo sindinawabwereke kwa mng'ono wa munthu." Anamulambalala Nagama, natunga ndowa yodzaza.

"Bambo, musatero!"

Sanacheuke. Anatsika nayo ndowa, anthu akutsatira, n'kukathirira nazale yawo ya mpiru kuti onse aone.

M'mawa mwake nazale ija inali itagona, yopserera ngati aithira madzi otentha. A Kachiwanda anaima akuiyang'ana. Kenako anakweza maso n'kuona madimba onse, kuyambira pamlatho mpaka kunthochi, momwe madzi a mgolo wonse uja akanadutsa. Atakwera mtunda anapeza Nagama akupukuta fumbi pa sola, mgolo ukuchitabe thovu.

Nagama sanawaseke. Ine ndikanawaseka mpaka nthiti kuwawa, koma nkhani si yanga.

Anadikira mpaka mng'ono wake atayeza n'kunena kuti tsopano zatheka. Ngakhale pamenepo sanakhuthulire kumtsinje, poti mchere unali ukadalimo. Madziwo anawasiya padzuwa kuti fungo lithe, n'kunyikiramonso nsalu zina, pakuti utoto umafuna mchere kale. Mvula inagwa n'kumupeza pomwepo. Achule anayambiranso phokoso lawo. Akazi a a Kachiwanda anayamba kuvala nsalu za Nagama, amuna awo n'kumayang'ana kumbali.

Tsono inu, kukana anthu amene akukutukwanani n'kosavuta, mkwiyo umakuthandizani. Koma lidzafika tsiku limene adzakuombereni m'manja ntchito isanathe, n'kumati kwanira, khuthula. Tsiku limenelo muime kutsogolo kwa mgolo wanu. Akutcheni wamakani, dzinalo silipweteka. Amene akuimba nthungululu lero ndi omwewo adzakwere mtunda mawa mpiru wawo ukapsa.

Nanga bodza lija mwaligwira? Ndikudziwa, ambiri mwaloza magetsi. Mwaphonya. Ena mwati munthu sangakane kupambana. Mwaphonyanso. Ndapeka za dzira. Tsiku lija a Kachiwanda ananyamula masamba achikasu a mpiru, koma ndani wa inu akanasunthira pafupi kudzamva za mpiru? Ndipotu bakha wawoyo anali wamwamuna.