Njiri ndi Luzi la Mfundo

Padangokhala, ana inu. Muvomere kuti tili tonse ndikumveni, poti ena mwa inu pakamwa padzaza mtedza umene ndati muswe, osati mudye.

Padangokhala Njiri, uja wa mano otulukira kunja ndi kamchira koima chilili akamathamanga. Njiri anali ndi mkazi wake, Nankhoma, ndi ana anayi ang'onoang'ono, koma nyumba analibe. Chikwatirireni ankagona m'dzenje la Nungu, kuchipinda chamkati chimene mwiniwake anawabwereka kuti akhalemo mpaka mvula ithe. Mvula inatha, ina inabwera, iyonso inatha, mpaka zaka zisanu. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera.

Musaganize kuti Njiri anali waulesi. Matenda ake anali okonda poyambira. Kwa nyama chaka chimayamba ndi mvula yoyamba, ndiye chaka chilichonse mvula ija ikagwa, Njiri ankakwera pachulu n'kulonjeza pamaso pa aliyense kuti chaka chino akumba dzenje lakelake. Ankakumba sabata imodzi, mwina ziwiri. Kenako tsiku lina ankadzuka mochedwa, lina n'kumva msana, ndipo pofika nthawi ya maungu nkhani ya dzenje inali itaiwalika.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, mitambo itayamba kusonkhana, Nungu anamuitanira pambali. Anayankhula mwaulemu, minga yonse itagona. Anati mwana wake wamkazi wapeza banja, ndipo mkamwini abwera kudzakhala pakhomopo nyengo yozizira ikamatha. Chipinda chija chikufunika.

Njiri anathokoza, koma anadziwa kuti zavuta. Nyengo yozizira ikamatha ndi pamene udzu umauma, ndipo anthu osaka mbewa amayamba kutentha tchire. Nyama yaikulu imathawa moto ndi miyendo. Nanga ana anayi a miyendo ngati zala? Amene alibe dzenje lolowamo amapsa, ndipo Nankhoma atamva nkhaniyi sanadye tsiku lonse chifukwa cha mantha.

Mvula yoyamba itagwa, Njiri anakweranso pachulu. Nyama zina zinayamba kutsinana, poti mawu ake zinkawadziwa kale. Koma ulendo uno anabwera ndi chinthu chatsopano, luzi lalitali la mombo. Anati tsiku lililonse akakumba azimanga mfundo imodzi paluzipo, ndipo sadzaphonya ngakhale tsiku limodzi mpaka dzenje lithe. Anasankha malo pambali pa chulu chakale, pamene madzi a mvula safika. Dothi lake linali louma gwa, koma anati palibe kanthu.

Ndipo anakumbadi, ana inu. M'mawa uliwonse ankagwada, n'kumatema dothi ndi mano, n'kumalikankhira kunja ndi mphuno. Akatopa ankatuluka, n'kumanga mfundo yake akuimba:

Mfundo, mfundo paluzi,
Ine Njiri sindiphonya,
Mfundo, mfundo paluzi.

Mwezi unatha, wachiwiri unatha, wachitatu unatha, osaphonya. Luzi lija ankalikoleka m'khosi popita kukamwa madzi kuti aliyense aone. Ukamupatsa moni ankakuyankha ndi chiwerengero cha mfundo. Ukamufunsa za ana, ankakuuzabe za mfundo. Ine ndikanakhala Nankhoma ndikanatopa naye, koma mayi uja ankangoti bola akukumba.

Tsono chimanga chili chachiwisi kunabwera uthenga wa maliro. Nguluwe, malume ake a Nankhoma, anali atamwalira kutsidya kwa dambo. Inu mukudziwa kuti pakagwa maliro munthu sagwira ntchito yake, ndipo mkamwini ndiye sangayerekeze n'komwe kutsala. Njiri anapita. Tsiku limodzi panjira, atatu kusiwa, lina pobwerera. Masiku asanu dzenje lake osaligwira.

Atafika anatenga luzi lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kunama sankafuna, choncho sanamange mfundo zabodza. Anasiya mpata wa masiku asanu, luzi losalala lopanda kanthu, ndipo atakumba tsikulo anamanga mfundo imodzi kutsogolo kwake. Koma mpata uja unamuwawa. Akayang'ana luzi sankaonanso mfundo za miyezi itatu, ankangoona mpata. Kumadzi anasiya kupita nalo. Mawa lake sanakumbe, mkuja wake sanakumbe, ndipo mpata unakula.

Nankhoma atamufunsa, Njiri anati chaka chawonongeka. Anati iye analonjeza kusaphonya, ndipo waphonya, ndiye palibenso chokumbira. Adikira mvula yoyamba kuti adzayambe bwinobwino ndi luzi latsopano. Mkazi wake anamukumbutsa kuti kumaliro kuja anathandiza kukumba manda masiku awiri, nanga kumeneko si kukumba? Njiri anati manda sawerengedwa.

Anakhala choncho miyezi iwiri yathunthu, atagona pansi pa mtengo wa mthethe, luzi lili pamiyendo, akudzimvera chisoni. Anthu anakolola. Udzu unayamba kusanduka wofiirira. Nungu pokumana naye ankangotsokomola. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina m'mawa Nankhoma anadzutsa ana onse anayi n'kupita nawo pamthethe paja.

"Bambo a Chikuse, dzukani mutiperekeze kunyumba kwathu," anatero, pomutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo woyamba.

Njiri anati kulibe nyumba, kuli chibowo cha munthu wolephera.

"Ndiye tikaone chibowocho. Luzi lanu ndaliona mokwanira, ndipo ana anga sangalowemo moto ukabwera. Ndikufuna ndione kuti m'dzenjemo mukulowa angati."

Njiri anatsatira pambuyo mwamanyazi. Kunena zoona, iye mwini sankadziwa kuti dzenje lafika pati, chifukwa miyezi yonse ija ankawerenga mfundo, osayeza dzenje. Pakhomo panali patamera udzu ndipo akangaude anali atamangapo. Nankhoma anachotsa zonsezo n'kuuza ana kuti alowe mmodzimmodzi, chafutambuyo monga amalowera anjiri. Chikuse analowa, anasowa. Wachiwiri analowa, anasowa. Wachitatu analowa, anasowa. Wotsiriza, Katsalira, analowa mpaka m'chiuno n'kukakamira, mutu uli panja, akuphethira.

"Atatu ndi theka," anatero Nankhoma. "Maliro aja sanakwirire dzenjeli. Mmene munalisiyira ndi mmene lilili. Kwatsala theka la Katsalira, ine ndi inu."

Njiri anayang'ana kamutu ka mwana wake kali panja, ndipo anachita manyazi aakulu, komanso mtima unapepuka. Iye ankayesa kuti zonse zinapita ndi masiku asanu aja. Anauza Katsalira kuti atuluke pamodzi ndi akulu ake, n'kugwada pomwepo kuyamba kukumba. Luzi lija Nankhoma analitola n'kukamangira nkhuni.

Kuyambira pamenepo kuyeza kunasintha. Pakatha sabata banja lonse linkabwera kudzalowa m'dzenje, ndipo ana ndi amene ankaimba:

Lowani, lowani tione,
Watsala panja ndani?
Lowani, lowani tione.

Sabata yoyamba Katsalira analowa yense. Ndiye kunatsala akuluakulu, ndipo Nankhoma sanali mayi wochepa thupi. Musaganize kuti Njiri anasanduka munthu wina. Ankaphonyabe. Tsiku lina kunazizira kwambiri, sanadzuke. Tsiku lina dzino linagunda mwala, anakhala masiku atatu akubuula. Tsiku linanso anamva kuti malambe agwa kumtsinje, anapita kukadya n'kubwera mimba ili tantha, osatha kugwada. Koma tsopano akaphonya ankangodzuka mawa lake n'kupitiriza pamene anasiyira. Sabata ina Nankhoma analowa mpaka m'chiuno, ina mpaka m'mapewa, ndipo tsiku limene makutu ake anasowa m'dzenjemo ana anavina mpaka fumbi koboo.

Sabata yomweyo mkamwini wa Nungu anafika ndi katundu wake. Njiri anathokoza Nungu chifukwa cha zaka zonse zija, n'kusamutsa banja lake. Mayi ndi ana ankagona m'kati. Iye ankalowetsa miyendo yakumbuyo yokha, thupi lonse lili panja, n'kumadzitonthoza kuti moto ukadali kutali, poti kawirikawiri anthu ankatentha tchire mwezi wotsatira.

Koma osaka mbewa safunsa njiri kuti wakonzeka. Patangopita masabata awiri, dzuwa lili paliwombo, Njiri akukumba anamva fungo la utsi. Atatuluka anaona agwape akudutsa liwiro, nkhwali zikuuluka, ndipo kumbuyo kwawo udzu unkalira thethethe. Mphepo inkakankhira moto kuchulu komweko.

Anaitana ana amene ankasewera chapafupi. Chikuse analowa, wachiwiri, wachitatu, Katsalira, kenako mayi wawo. Njiri anatembenuka n'kuyamba kulowa chafutambuyo. Chiuno chinalowa. Mimba inalowa. Mapewa anavuta, koma analowa. Pofika pakhosi anamva kuti wagunda mkazi wake, ndipo kumbuyo kunalibenso malo.

Nankhoma anauza ana kuti akwerane pamsana, ndipo anakwerana. Njiri anasuntha pang'ono, makutu analowa. Anauza mkazi wake kuti apume mpweya wonse utuluke, ndipo anasunthanso pang'ono, maso analowa. Pamenepo panathera. Masaya ndi mphuno zinatsala panja.

Nankhoma anamuuza kuti athawe yekha, iye ali ndi miyendo, moto sungamupeze. Njiri anayang'ana khomo lija. Akachokapo likhala pululu, ndipo utsi ndi malawi zilowa mpaka kwa ana.

"Mayi a Chikuse, chitseko ndine," anatero. "Agwireni anawo."

Anatsinzina, n'kukanikiza chibwano pansi. Moto unafika. Unadutsa pachulu ndi mkokomo, unanyambita udzu wonse wa pakhomo, unanyambitanso nkhope ya Njiri. Ululu wake sindingakuuzeni. Anafuna kukuwa koma anaopa kumeza moto, choncho anangoluma mano n'kupirira, osasuntha. Moto wa udzu ndi waukali, koma sukhalitsa. Posakhalitsa mkokomo unamveka kutali, ndipo panatsala phulusa ndi utsi.

Njiri anadzikoka n'kutuluka. Maso sankaona bwino, choncho anaitana mayina. Chikuse anavomera. Wachiwiri anavomera, wachitatu anavomera. Anaitana Katsalira, kunali zii. Anaitananso. Pamenepo kunamveka kuyetsemula, ndipo kamwana kaja kanatuluka pansi pa mimba ya mayi ake, kali mbuu ndi dothi, kakudandaula kuti Chikuse anakaponda khutu.

Njiri anangokhala pansi paphulusa lotentha lija n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika pa masaya opsawo. Nankhoma naye anakhala pansi pambali pake. Anawerenga ana ake kawiri, kenako kachitatu, ndipo nthawi zonse ankakwana anayi. Mantha amene anawasenza kuyambira tsiku limene Nungu anayankhula anatsika tsiku limenelo, ndipo mpweya wa utsi uja anaupuma ngati wabwino.

Madzulo ake Nungu anabwera kudzawazonda, poti naye anapulumukira m'dzenje lake. Anapeza Nankhoma akupaka matope ozizira pankhope ya mwamuna wake. Nkhopeyo inali itatupa matuza akuluakulu m'masaya, ubweya wonse utapserera. Nungu anapepesa, nati moto wa chaka chino wafulumira, palibe akanadziwa.

Njiri anapukusa mutu. Anakweza phazi n'kuyeza kuchokera m'maso mpaka kunsonga kwa mphuno.

"Moto sunalakwe, akulu," anatero. "Apa mpaka apa ndi miyezi iwiri imene ndinagona pansi pa mthethe. Masiku asanu a maliro aja sakanandiwotcha ngakhale tsitsi limodzi."

Matuza aja anapola, koma zotupa sizinaphwe, ndipo ubweya sunamerenso bwino. Mukadzaona njiri mudzayang'ane nkhope yake, mudzaziona. Patapita masiku anayi chidutsireni moto uja, mvula yoyamba ikadali kutali, popanda kukwera pachulu kapena kuitana aliyense, Njiri anagwada n'kukumba kachigawo kamene kanatsala. Anamaliza dzuwa lisanapendeke. Analowa yense, mphuno ndi mano omwe, n'kugona tulo masana mpaka ana anachita kumudzutsa kuti adye.

Nthano yanga yathera pamenepa, ndipo mtedza ndikuona watsala makoko okhaokha. Koma ichi chokha mutenge, ana inu: ukaphonya tsiku, zimene unachita dzulo sizifafanizika, ndiye dzuka mawa upitirize, usadikire chaka china.